Mmene nzeru za mitengo zinalowera m'mabuku

Dzina lakuti ethnobotany, maphunziro a mmene anthu amagwiritsira ntchito zomera, linayamba ndi John Harshberger ku Philadelphia mu 1895. Koma ntchitoyo inali itayamba kale, ndipo chigwa cha Zambezi chinali m'gulu la malo amene inkachitikira. John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa David Livingstone, anafika ku Tete mu 1858 n'kumatola masamba, maluwa ndi njere zotumiza ku Kew, munda wofufuzirako za zomera ku London. Mu 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa, kumene lero kuli damu la Cahora Bassa, ndipo zolemba zake zambiri zinapita ndi madzi.

Nkhani ya kombe, chomera choyanga cha m'tchire, ikusonyeza bwino mmene zinthu zinkayendera. Alenje a ku chigwa cha Shire ankapaka ulembe wa njere zake pa mivi. Kirk anaika ulembewo m'thumba limodzi ndi mswachi wake, ndipo atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenako mtima unayamba kugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaufufuza mpaka panatuluka mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Mayina a Kirk ndi Fraser ali m'mabuku, pomwe alenje aja, eni nzeruyo, satchulidwa n'komwe.

Zinasintha mochedwa. Mu 1935 Edward Castetter anakulitsa nkhaniyi kuti ikhudzenso nyama, ndiyo ethnobiology. Mu 1954 Harold Conklin, atakhala pakati pa Ahanunóo ku Philippines, anasonyeza kuti anthu akumudzi ali ndi kagawidwe kawokawo ka zomera, kosachepera ka akatswiri. Chikalata cha 1988 cha akatswiri a ethnobiology amene anakumana ku Belém, ku Brazil, ndi pangano la mayiko la 2010 la ku Nagoya, ku Japan, zinawonjezera mfundo yoti eni nzeru avomere kaye, ndiponso alandireko phindu.

Lero wofufuza akafika ku Angónia kapena ku Macanga, maboma a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amayambira kwa mfumu, kenako kwa sing'anga kapena azamba. Dzina lokha silikwanira, chifukwa mitengo iwiri yosiyana imatha kutchedwa dzina limodzi m'midzi yoyandikana. Ndiye amadula nthambi ya masentimita 30 yokhala ndi masamba komanso maluwa kapena zipatso, n'kuipanikiza pakati pa nyuzipepala ndi matabwa awiri. Pepala lisinthidwe tsiku lililonse, makamaka nthawi ya dzinja. Apo ayi nkhungu imadya zonse sabata isanathe. Pambali amalemba malo, tsiku, chiwalo chogwiritsidwa ntchito (muzu, khungwa kapena tsamba), kaphikidwe ndi muyezo.

Cholakwa chofala n'kubwera m'chilimwe chifukwa misewu ili bwino. Nthawi imeneyo mitengo yambiri ya m'tchire imakhala itayoyola masamba, ndipo muzu wopanda nthambi sungazindikirike ku herbarium, malo osungirako zomera zouma zofufuzira, ku Maputo.