Makina otchetcha kapinga okha salowa m'malo mwa chikwakwa

Anthu ambiri akhala akuganiza kuti makina otchetcha kapinga okha, aja amayendayenda pabwalo popanda wowakankha, angathe kugwetsa udzu wofika m'mawondo monga mmene chimachitira chikwakwa. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo wogula makinawa ali ndi chiyembekezo chotere amakhumudwa.

Kampani ya ku Sweden ya Husqvarna inatulutsa makina otere oyendera mphamvu ya dzuwa mu 1995, ndipo mpaka lero ambiri mwa makinawa ali ndi timipeni tating'ono ngati malezala kunsi kwake, tomwe timangometa nsonga za kapinga, mamilimita ochepa chabe, koma pafupipafupi, mwina tsiku ndi tsiku. Tizidutswa tometedwato timagwera pansi n'kusanduka manyowa, n'chifukwa chake makinawa alibe thumba lotolera udzu. Akalowa mu udzu wautali komanso wonyowa amatsamwa, matayala n'kumangoterereka pamalo amodzi, choncho bwalo liyenera kutchetchedwa kaye asanayambe ntchito.

Posankha, yambani mwayeza kukula kwa bwalo lanu, muone kutsetsereka kwake ndi tinjira topanikizika, kenako mufunse ngati makinawo amazindikira malire potsata waya wokwiriridwa m'nthaka kapena pogwiritsa ntchito GPS (njira yodziwira malo kudzera m'masetilaiti), yomwe imasokonekera pansi pa mitengo ikuluikulu ya masamba ambiri.