Kampata ka pakati pa khoma ndi malata

Mukalowa masana m'nyumba zambiri za ku Chisitu, ku Nkando kapena ku Luchenza, tsekani chitseko ndi mazenera, kenako muyang'ane kumwamba. Muona mzere wa kuwala utazungulira nyumba yonse, pamene khoma lathera ndipo malata ayambira. Kampata kameneko mmisiri amakasiya chifukwa njerwa zinatha, kapena chifukwa mwini nyumba anali pachangu kuti alowemo mvula isanagwe. Ife ojambula mapulani a nyumba timatha kukangana za kampatako tsiku lonse, kuposa za penti kapena matailosi, poti matenda angapo a pabanja amadutsira pomwepo, ena polowa, ena potuluka.

Tiyambe ndi udzudzu. Umene umafalitsa malungo, wa mtundu wa Anopheles, umaluma usiku, kawirikawiri m'nyumba. Umalondola fungo la thupi ndi mpweya umene timatulutsa popuma. Mpweya wofundawo umakwera kudenga n'kutulukira pa kampata kaja. Ndiye udzudzu ukafika pakhoma subwerera ayi, umakwera nalo khomalo mpaka utapeza pamene fungo likuchokera. Steve Lindsay wa ku Durham University ndi anzake akhala akufufuza khalidwe limeneli ku Gambia kwa zaka zambiri. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2009 zinasonyeza kuti m'nyumba zoikidwa waya wa sefa, udzudzu unachepa ndi pafupifupi theka, ndipo vuto la kuchepa kwa magazi mwa ana linatsikanso.

Wina anganene kuti basitu, tiyeni titseke ndi dothi mawa lomwe. Dikirani kaye.

Nyumba ya malata yopanda siling'i, yotsekedwa mipata yonse, mu Okutobala imasunga kutentha mpaka pakati pa usiku. Munthu akamva thukuta amakankhira neti kumbali, mwinanso amatenga mphasa kukagona pakhonde. Mwatsekera udzudzu kunja, koma munthu uja mwamutulutsiranso kunja komweko. Ikafika Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika m'phiri, vuto limatembenuka. Malata amazizira kuposa mpweya wa m'nyumba, ndiye chinyezi cha mpweya wa anthu ogona chimasanduka timadontho kunsi kwa malatawo. M'bandakucha timadonthoto timayenderera ndi mzere wa malata n'kumagwera pabulangete, mwini wake n'kumadandaula kuti denga likudontha pamene palibe bowo ngakhale limodzi. Kuseri kwa kabati khoma limada, zovala zimanunkha chuku, ndipo mwana wa mphumu amayamba kubanika. Pofuna kufunda, banja limalowetsa mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka paliponse. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Nyumba zina kampata kaja ndi kamene kamapulumutsa anthu osadziwa.

Nanga chifuwa chachikulu? Tizilombo take timayandama mumpweya wa m'chipinda kwa nthawi yaitali ngati mpweyawo sukusinthidwa. Mu 2007 ofufuza anatulutsa zimene anayeza m'zipatala za mumzinda wa Lima ku Peru. Anapeza kuti zipinda zakale, zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za denga lalitali ndi mazenera akuluakulu, zinkasintha mpweya pafupifupi ka 40 pa ola mazenera ndi zitseko zikatsekulidwa, pamene zipinda zamakono zinkasintha ka 17. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imatichititsa manyazi pang'ono ife a mapulani amakono. Amene anaonapo nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, za khonde lozungulira ndi denga lokwera, akudziwa kuti omanga akale aja ankaiganizira mphepo.

Ndiye onani pamene pali mfundo. Udzudzu ukufuna titseke, chifuwa chachikulu ndi utsi zikufuna titsekule. Chiperoni chikuti tsekani, Okutobala akuti tsekulani. Njira imene ambiri a ife timalangiza ndi iyi: kutseka pamwamba pa khoma, kuika mazenera awiri oyang'anizana okhala ndi waya wa sefa kuti mphepo izidutsa, kuika siling'i ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, ndi kuphikira m'khitchini yapadera yokhala ndi potulukira utsi. Koma zenera likhale lalikulu bwanji? Liyang'ane kuti, pa malo amene mvula imawomba cham'mbali? Waya uja akachita dzimbiri kapena ana akamuboola, ndani amasintha, ndi ndalama zingati? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pongoganiza pa desiki. Ayenera kuyezedwa m'nyumba zenizeni, mmene mukugona anthu enieni.

Dziko lathu lomwe lino latiphunzitsa kale kuti chooneka chanzeru sichigwira ntchito nthawi zonse. Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse mu 2020, choncho aliyense ankayembekezera kuti mbaula yochepetsa utsi ichepetsa chibayo mwa ana. Ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno anayesa zimenezi ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi kafani kopemerera moto, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zitatuluka mu 2017, chibayo sichinachepe. Mwana amapuma utsi wa kwa aneba, wa zinyalala zootchedwa, ndipo mbaula ikawonongeka mayi amabwerera ku mafuwa. Chimodzimodzinso m'midzi yozungulira Majete, kumene anthu anatseka okha mipata ya denga ndi kuika waya m'mazenera: zotsatira za 2021 sizinaonetse phindu lodziwikiratu loposa la masikito ndi mankhwala zimene anthu anali nazo kale. Izi sizikutanthauza kuti mbaula yabwino kapena kutseka mpata n'kopanda pake. Nkhuni zimapulumuka, ana sapsa kawirikawiri, ndipo udzudzu wochepa m'nyumba ndi tulo tabwino. Koma amene akukugulitsani chinthu chimodzi n'kumati chithetsa matenda, mufunseni kuti anayeza kuti, kwa nthawi yaitali bwanji.

Popeza kuyeza kotereku kumafuna nthawi ndi ndalama, apa ndi pamene pamabwera nkhani ya kafukufuku wolipiriridwa wa PhD, digiri yapamwamba kwambiri ya kuyunivesite. Anthu ambiri amamva ngati ndi mphatso yopita kunja kukavala gauni. Kwenikweni ndi ntchito ya zaka zitatu kapena zinayi yoyankha funso limodzi lopapatiza. Bungwe lothandiza limalipira fizi, limapereka ndalama ya mwezi ndi mwezi yoti wophunzira adye ndi kulipira lendi, komanso, chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi, limagula zipangizo ndi kulipira anthu othandiza m'midzi. Zipangizo zake sizochititsa mantha. Pali timakina tating'ono tolowa m'thumba la malaya, timene timapachikidwa kukhoma n'kumalemba kutentha ndi chinyezi usana ndi usiku. Pali toyeza utsi, timene mayi amavala pophika. Pali msampha wa udzudzu wokhala ndi kababu ndi kafani, umene umapachikidwa kumiyendo kwa bedi, kunja kwa neti ya munthu wogona. M'mawa wothandiza amabwera kudzamasula kathumba kake, ndipo wina amakhala pansi ndi maikulosikopu kusankha udzudzu umodzi umodzi, uwu ndi wa malungo, uwu ndi wongosokosa. Kuti manambalawo akhale ndi tanthauzo pamafunika nyumba zambiri, dzinja loposa limodzi ndi chisanu choposa chimodzi, chifukwa chaka cha mvula yochepa chikhoza kukunamizani kuti pulani yanu yagonjetsa udzudzu. Palibe wophunzira wa pa Chitakale amene angachite zimenezi ndi ndalama za m'thumba mwake.

Amene akuganiza zolowa njira imeneyi adziwe kuti nkhani ya nyumba ndi thanzi sikhala m'dipatimenti imodzi. Za kamangidwe zimaphunzitsidwa ku yunivesite ya MUBAS, imene kale inali Polytechnic. Za matenda ndi umoyo wa anthu zili ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Kuno kwathu ku Thyolo kuli yunivesite ya sayansi ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata. Wofufuza wabwino amafuna womuyang'anira wodziwa makoma ndi wina wodziwa mapapo, ndipo kuwakhazika pa tebulo limodzi anthu awiriwa nthawi zina ndi theka la ntchito. Ndalama zimachokera ku mabungwe ngati Commonwealth Scholarship Commission ya ku Britain, DAAD ya ku Germany, Wellcome, ndi CARTA imene imathandiza aphunzitsi a m'mayunivesite a mu Africa. Kawirikawiri amafuna digiri yachiwiri ndi chikalata chofotokoza funso lanu. Funso lakuti "nyumba zabwino m'Malawi" silipita patali. Funso lakuti siling'i ya nsungwi imachepetsa chinyezi ndi kutsokomola kwa ana motani m'nyumba za malata pa nthawi ya chiperoni, limenelo wowerenga amaliona kuti munthuyu akudziwa chimene akayeze Lolemba m'mawa.

Sindinanene za pansi pa nyumba, koma pali nkhani yakenso. Pansi pozira pamabisa matekenya ndi mazira a njoka za m'mimba, ndipo mwana wokwawa amadya chilichonse. Ku Mexico boma litathira simenti pansi m'nyumba za anthu osauka, kafukufuku anapeza kuti kutsekula m'mimba ndi njoka za m'mimba mwa ana zinachepa kwambiri. Kunja kwa khoma nakonso: namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza kuti khoma la zidina limagwa kuyambira pansi, pamene lanyowa, ngati maziko ali otsika ndipo denga silinatulukire mokwanira kuti madzi azigwera patali. Ndipo palibe pulani imene ingapulumutse nyumba yomangidwa m'njira ya madzi otsika m'phiri. A ku Phalombe anaziona mu 1991, a ku Muloza anazionanso mu 2023. Kusankha malo kumayamba njerwa isanaumbidwe.

Chimene ndimadandaula nacho pa kafukufuku wina wa mtundu uwu ndi nyumba zachitsanzo zokongola zimene wothyola tiyi sangazimange ngakhale atasunga malipiro a zaka zambiri. Zimajambulidwa zithunzi, zimapita ku misonkhano, pamudzi palibe wotengera. Kwa ine, wofufuza amene wapatsidwa ndalama ayenera kulemba mtengo wa chilichonse chimene akulangiza, m'makwacha ndi m'matumba a simenti, ndipo amisiri a m'deralo akhale nawo kuyambira tsiku loyamba, poti iwowo ndi amene adzauze kasitomala wotsatira kuti apa tisiyepo zenera. Zotsatira zake zikafotokozedwenso kwa amfumu ndi kwa alangizi a zaumoyo m'Chichewa, osati kungothera m'magazini a ku London.

Mulanje ndi Thyolo ali ndi mwayi umene madera ambiri alibe. M'makomboni a m'maesiteti muli nyumba zambirimbiri zomangidwa ndi pulani imodzi, njerwa zofanana, malata ofanana, pamzere umodzi, pa mtunda umodzi. Kumudzi nyumba iliyonse imasiyana ndi inzake, moti n'kovuta kudziwa chimene chasintha thanzi la ana. M'komboni mukhoza kuika siling'i m'nyumba zina, mazenera a waya m'nyumba zina, zina n'kuzisiya kaye mmene zilili, kenako n'kufananiza. Chofunika kusamala n'chakuti okhalamo ndi antchito, ndipo wantchito amavutika kukana chinthu chimene chabwera kudzera kwa bwana. Chilolezo chipemphedwe kwa banja lililonse palokha, kapitawo ali kutali, ndipo nyumba zimene zinasiyidwa poyamba zidzakonzedwenso kafukufuku akatha, ndi ndalama zolembedwa kale mu bajeti yake.