Kalata yothokoza pambuyo pa intaviyu ndi pulopozo ya wekishopu

Zomba ndi tauni ya mapepala. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma maofesi olemba anthu ophunzira alipo ambiri konkuno: Yunivesite ya Malawi ku Chirunga, MANEB, ofesi ya kalembera ya NSO, bungwe lokonza masilabasi la MIE ndi koleji ya aphunzitsi ku Domasi, kuonjezera apo mabungwe ogwira ntchito m'midzi ndi kunyanja ya Chilwa. Ntchito yanga ndi yoona za antchito ndi maphunziro awo, choncho ndimakhala nawo pagulu lofunsa mafunso pa intaviyu, ndipo mapulopozo a mawekishopu amadutsa pa desiki panga. Pa zolemba ziwiri zonsezi, kalata yothokoza ndi pulopozo, ndimayang'ana chinthu chimodzi: kodi wolembayu anamvetsera tisanamuuze kuti alembe?

Tiyambe ndi kalata yothokoza, chifukwa ndi yaifupi. Ambiri sailemba poopa kuti ioneka ngati kunyengerera mabwana. Mantha amenewa ali ndi pake. Pa ntchito za boma zodzera ku makomishoni, monga ya aphunzitsi kapena ya zaumoyo, ofunsa mafunso amapereka malikisi pa fomu n'kusaina, ndipo kalata yanu singasinthe kalikonse. Zotsatsa ntchito zina zimachita kuchenjeza kuti wozemberana ndi ofunsa mafunso adzachotsedwa pa mndandanda. Kumeneko ingothokozani pakamwa potuluka, basi. Koma kumabungwe, kumakampani, kusukulu zoyima pazokha ndi pa ntchito za kafukufuku, kumene anthu awiri kapena atatu amakhalanso pansi mawa lake kukambirana za omwe afanana mphamvu, kalata yabwino imakumbutsa anthu nkhope yanu.

Itumizeni tsiku lomwelo kapena mawa lake, pa imelo imene anakuitanirani. Musasake nambala ya wapampando kwa mlonda wa pageti kuti mumutumizire WhatsApp usiku. Ngati anakuitanani pa foni yokha ndipo mulibe imelo yawo, uthenga waufupi masana kwa amene anakuimbiraniyo ukwanira. Chilankhulo chikhale chimene munagwiritsa ntchito pa intaviyu, chomwe nthawi zambiri chimakhala Chingerezi. Mayina ndi maudindo alembeni molondola. Kuno ku Zomba madokotala ndi mapulofesa ngambiri, ndipo ena salola kuti udindo wawo uiwalike.

M'kati mwa kalatayo mukhale mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Thokozani, tchulani ntchito yake ndi tsiku, kenako tchulani chinthu chimodzi chimene chinakambidwa m'chipindamo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati anakuuzani kuti ntchitoyo idzafuna kuyenda m'midzi nthawi ya mvula, lembani kuti mwaiganizira nkhaniyo ndipo munayendapo kale njira ya ku Jali ndi Mayaka pa njinga yamoto mukuchita kalembera, ngati munayendadi. Funso limene munayankha mopunduka mukhoza kulikonza ndi chiganizo chimodzi, osati tsamba lonse. Zimene sitifuna kuwerenga ndi za mavuto a kunyumba. Ndikudziwa kuti lendi ku Matawale yakwera ndipo abale akuyang'ana kwa inu, koma onse amene anakhala pa benchi lija ali ndi nkhani yofanana. Za malipiro dikirani akuitaneni. Ndipo musaphatikize kamphatso kalikonse, kaya ndi mayunitsi kaya thumba la mpunga wa ku Chilwa. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe.

Pulopozo ya wekishopu ndiye imafuna thukuta. Ambiri amene ndimalandira amayambira kumapeto: asankha kale loji ya kuphiri, awerengera kale alawansi, kenako n'kumafunafuna mutu woti ulungamitse ulendowo. Wowerenga amazindikira pa tsamba loyamba. Mbiri ya bungwe masamba atatu, mawu akuluakulu onena za kutukula anthu, koma vuto lenileni osalitchula.

Yambani ndi vuto, ndipo likhale la malo odziwika. Tiyerekeze kuti mukufuna kuphunzitsa makomiti a m'madoko a asodzi, aja timati ma BVC, za kupewa kolera ku doko la Kachulu kunyanja ya Chilwa. Musalembe kuti anthu a m'dera sadziwa za ukhondo. Ndi chipongwe, komanso si zoona. Lembani zimene zilipo: asodzi ena amakhala masabata pa zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, madzi akumwa ndi omwewo amene akukhalapo, ndipo wodwala kuti afike kumtunda pamafunika bwato ndi nthawi. Mukatero wowerenga aona yekha kuti phunziro lofunika ndi la kuthira mankhwala m'madzi, kusungunula thanzi ORS ndi kudziwa woti aimbiridwe foni, osati kuonetsa zithunzi pa projekita. Manambala a odwala katengeni kuofesi ya zaumoyo ya boma kapena kuchipatala cha m'deralo, ndipo tchulani komwe mwawatenga ndi chaka chake. Nambala yongopeka ikagwidwa, pulopozo yonse imafera pomwepo.

Zolinga zikhale ziwiri kapena zitatu, zolembedwa moti munthu atha kudzabwera pakatha miyezi itatu n'kuona ngati zachitika. Kunena kuti anthu adzazindikira kufunika kwa ukhondo n'kosayezeka. Kunena kuti komiti iliyonse idzakhala ndi munthu wodziwa kuyeza klorini ndi buku lolembamo odwala, zimenezo zimaoneka ndi maso.

Gawo limene anthu amalipeputsa ndi la ophunzira. Ndani abwere, angati, ndipo asankhidwa bwanji? Mukangolemba kuti anthu 30, mndandanda udzadzaza ndi achibale a wosankhayo. Nenani kuti pa komiti iliyonse pachokere anthu angati, amayi angati, ndipo alangizi a zaumoyo a m'deralo adzakhalapo. Onetsani kuti mwadutsa kale ku khonsolo, kwa mfumu yaikulu, ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) ndi ya m'mudzi (VDC). Mlendo salowa m'mudzi osalonjera kwa mfumu, ndipo opereka thandizo ambiri amafuna kuona kalata ya ku khonsolo asanatulutse ndalama. Tchulaninso chilankhulo: m'boma lino muli Ayao ndi Alhomwe ambiri, ndipo kuphunzitsa m'Chingerezi anthu amene amaganiza m'Chinyanja kapena m'Chiyao n'kutaya ndalama.

Tsiku nalo lisankhidwe ndi nzeru. Disembala mpaka Febuluwale anthu amakhala kumunda, misewu ina ya kunyanja imaterera moti galimoto yaing'ono siifika. Pa tsiku la msika musaike wekishopu, Lachisanu masana Asilamu amapita kumzikiti, ndipo maliro akagwa m'mudzi pulogalamu yonse imaima, choncho sungani tsiku lina lapadera. Pa ndondomeko ya tsikulo, zolankhula za alendo olemekezeka zisadye m'mawa wonse. Ndaonapo wekishopu ya tsiku limodzi imene phunziro loyamba linayamba anthu atanunkhiza kale nsima.

Bajeti ndi imene owerenga ambiri amayamba kutsegula. Mzere uliwonse uonetse kuchuluka, mtengo wa chimodzi ndi masiku: holo, chakudya, zakumwa za pa buleki, mapepala ndi mamaka, mafuta, ndalama yobwezera thiransipoti, malipiro a otsogolera zokambirana. Alawansi musaiikire mtengo wa m'mutu mwanu. Funsani mulingo umene bungwelo kapena boma likutsata, chifukwa ena amalipira loji mwachindunji m'malo mopatsa anthu ndalama m'manja. Pa zogula zikuluzikulu phatikizani makotesheni atatu, ndipo onani ngati mtengowo uli ndi VAT kale. Kumbukiraninso kuti pa malipiro a wophunzitsa pamadulidwa msonkho wopita ku MRA, apo ayi mudzakangana naye pa tsiku lolipira. Ngati anthu adzalandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ikanimo ndalama yotapira. Ndalama zophunzitsira zikachepa kuposa zogonera ndi zodyera, yembekezani mafunso.

Pansi pa bajeti lembani tsiku limene mitengoyo inatengedwa ndi nthawi imene ikhale ikugwira ntchito. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti olembedwa mwezi wapitawo anasanduka mapepala wamba, ndipo amene analibe chiganizo chimenechi anavutika kupempha zoonjezera. Lembaninso yemwe adzasunge malisiti ndi mapepala osainira, ndi tsiku limene lipoti lidzaperekedwe. Ku ofesi ya ndalama sadzakupatsani za wekishopu yachiwiri musanatseke ya yoyamba.