Kuyeza chitetezo cha jakisoni ndi diripu popanda kugwiritsa ntchito nyama

Mankhwala olowa m'thupi kudzera mu jakisoni kapena diripu, komanso akatemera ambiri, amayezedwa asanachoke kufakitale pofuna kuona ngati alibe poizoni wotchedwa endotoxin. Poizoniyu amachokera pakhungu la mabakiteriya ena, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti amatsalira ngakhale tizilomboto titafa ndi kutentha. Akalowa m'magazi, wodwala amatentha thupi ndi kunjenjemera, BP imatsika kwambiri, ndipo poizoniyo akachuluka munthu amatha kumwalira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ntchito yoyezayi inkadalira akalulu. Ankabaya akalulu atatu mumtsempha wa kukhutu, kenako n'kumawayeza kutentha kwa thupi kwa maola atatu. Thupi likatentha, mankhwalawo ankawakana. M'zaka za m'ma 1960, Frederik Bang ndi Jack Levin a ku America anapeza kuti magazi a kanyama kam'nyanja kotchedwa horseshoe crab, omwe ndi obiriwira ngati thambo, amaundana akangokhudzana ndi poizoniyu, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linavomereza njirayi mu 1977. Akalulu ambiri anapulumuka, koma mtolowo unangosamukira pa nyama ina, chifukwa nyamazi amazivuula m'madzi n'kuzipopa magazi, zina zimafa zitabwezedwa m'nyanja, ndipo mbalame zimene zimadya mazira a nyamazi m'mphepete mwa nyanja ku Delaware Bay ku America nazonso zimakhudzidwa.

Masiku ano pali njira ziwiri zikuluzikulu zosafuna nyama. Yoyamba ndi ya recombinant Factor C, yomwe Ding Jeak Ling ndi Ho Bow anaitulukira pa National University of Singapore m'zaka za m'ma 1990: puloteni imene imazindikira poizoni m'magazi a kanyama kaja tsopano amaipanga mu labotale, choncho sipafunikanso kugwira nyama iliyonse. Yachiwiri imagwiritsa ntchito maselo oyera a m'magazi a munthu, omwe amatulutsa timadzi toyambitsa kutentha thupi akakumana ndi choipa. Njira imeneyi, kunena zoona, ndi yomveka kuposa ya akalulu, popeza mankhwalawo adzalowa mwa munthu, ndipo imazindikiranso zoyambitsa kutentha thupi zina zomwe si endotoxin.

Ku Ulaya, buku la malamulo a kapangidwe ka mankhwala linayamba kuvomereza njira ya Factor C mu 2021, ndipo chaka chomwecho akuluakulu ake anagwirizana zothetseratu kuyeza kwa akalulu m'zaka zisanu.

Odwala asade nkhawa poganiza kuti mankhwala oyezedwa popanda nyama ndi osatetezeka, chifukwa mlingo wa poizoni wololedwa sunasinthe, ndipo kampani isanasinthe njira imayenera kusonyeza kuti yatsopanoyo ikugwira bwino ntchito pa mankhwala akewo. Komabe, amene watentha thupi kwambiri, kunjenjemera kapena kuchita chizungulire ali pa diripu kapena atangobayidwa jakisoni auze namwino kapena dokotala nthawi yomweyo.