Mtima ukamagunda modumphadumpha, pitani mukayezetse

Mtima sudikira ubongo kuti uulamule kugunda. Uli ndi magetsi akeake, amene amayambira pa kamfundo kakang'ono m'chipinda cham'mwamba chakumanja, chimodzi mwa zipinda zinayi za mtima. Madokotala amakatchula sinus node. Munthu wamkulu akamapumula, kamfundoka kamatumiza magetsi ka 60 mpaka ka 100 pa miniti imodzi. Magetsiwo amafalikira m'khoma la chipindacho, ena n'kuwolokera kumanzere kudzera pa kamlatho ka minofu kotchedwa Bachmann, kuti zipinda ziwiri zam'mwambazi zifinye magazi nthawi imodzi. Kenako amaima pang'ono pa kamfundo kachiwiri, AV node, kupereka mpata woti zipinda zam'munsi zidzaze.

Amene munaonerapo asodzi akukoka khoka ku Senga Bay mukudziwa: mmodzi amayambitsa nyimbo, onse n'kumakoka pamodzi. Pa matenda otchedwa atrial fibrillation, aliyense amaimba yake. Magetsi amangobuka paliponse, oposa 300 pa miniti, ndiye zipinda zam'mwamba zimangonjenjemera osafinya bwino. Magazi otsalira m'kathumba ka chipinda chakumanzere amatha kuundana. Chibulumacho chikathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amachita sitiroko: kukamwa kupotoka, mkono ndi mwendo kufa, mawu osamveka. Matendawa amachulukitsa ngozi ya sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo ena amakhala nawo osamva chilichonse.

Matendawa amabwera ndi ukalamba, BP yosasamalidwa, kachasu ndi mowa wina wambiri, komanso vuto la chithokomiro. Kwathu kuno pali chinanso chimene timachipeputsa: zilonda zapakhosi za mwana. Zina mwa izo zikapanda kuchiritsidwa ndi penisilini zimawononga zitseko za mtima, chipinda chakumanzere n'kufufuma, ndipo vuto limadzaonekera munthu ali ndi ana ake kale. Amene achipatala anakuuzani kuti muzibayitsa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi, musadumphitse.

Kudziyeza n'kosavuta. Khalani pansi, mupume kaye. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima kwa miniti yathunthu. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, chili ndi kugunda kwakekwake. Mtima wabwino umagunda mofanana ngati wotchi. Mukamva ukuthamanga, kuima, n'kuthamanganso popanda dongosolo, makamaka ngati mumachita befu kapena chizungulire, pitani kuchipatala chapafupi. Chimene chimatsimikizira matendawa ndi makina a ECG, oyeza magetsi a mtima, ndipo achipatala akhoza kukutumizani ku Salima District Hospital kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mankhwala alipo: ena monga atenolol ndi digoxin amachepetsa liwiro la mtima, pomwe warfarin amateteza magazi kuti asaundane. Warfarin amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo musamuphatikize ndi asipirini kapena mankhwala azitsamba musanafunse dokotala. Amayi oyembekezera auze achipatala msanga.

Wina akapotoka kukamwa kapena kufooka mbali imodzi mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto nthawi yomweyo.