Zotsekemera sizibala njoka za m'mimba

Kuno ku Mchinji mango akangoyamba kupsa, mawu aja amayambiranso: "Musamupatse zotsekemera mwanayo, zimubalira njoka m'mimba." Ine ndatopa nawo. Shuga, nzimbe kapena mango sizisanduka njoka.

Njoka zimachokera ku mazira. Munthu amene ali nazo akadzithandiza patchire kapena kuseri kwa nyumba, mazirawo amatsala m'dothi, osaoneka ndi maso. Njoka yaikazi imodzi, ya mtundu wautali uja, imaikira mazira pafupifupi 200,000 pa tsiku. Ndiye mwana watola bango pansi, wangolipukuta pamalaya, akudya ndi m'manja mosasamba: mazira alowa. Cholakwa ndi dothi, osati kukoma kwa bango. Mtundu wina sudzera n'komwe pakamwa. Tiana take timaboola khungu la kuphazi mwana akamayenda wopanda nsapato, kenaka timakakhala m'matumbo n'kumayamwa magazi. Mwana wotere amafooka, m'zikope mwake mumayera, sakula bwino ngakhale nsima akudya. Kumumananso zipatso ndi kungomuwonjezera kunyentchera.

Musangokhulupirira za ine. Kuchipatala amayeza chimbudzi pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso; mazira akakhalapo amaoneka. Mukapita kusikelo, afunseni azaumoyo za mankhwala ophera njoka otchedwa albendazole, ndi kuti mwana wa msinkhu wotere amwe liti.

Wina akakuuzani za shugazi, kaya pachitsime kaya pa WhatsApp, mufunseni kumene anazimva. Musazipititse kwa ena musanafunse achipatala.