Kompyuta yochedwa si yakufa

Kuno ku Mzuzu ambiri amakhulupirira kuti kompyuta ya pa tebulo ikayamba kuchedwa ndiye kuti yatha ntchito, bola kugula yatsopano yotchipa. Si zoona, ndipo zimandiwawa kuona ophunzira a ku Mzuni akutaya ndalama chonchi.

Kawirikawiri chimene chimachedwetsa ndi hard disk yakale, momwe mumasungidwa zinthu zonse za m'kompyuta. Mkati mwake muli kambale kozungulira, mukatchera khutu mumakamva kakulira. M'malo mwake ikanimo SSD, yomwe imasunga zinthu ngati hard disk koma ilibe chozungulira chilichonse, mudzaona Windows ikutseguka musanakhazikike n'komwe pampando. Onjezerani RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB, koma onani kaye ngati RAM yanu ndi ya mtundu wa DDR3 kapena DDR4, chifukwa sizilowana. Tsegulaninso bokosilo muchotse fumbi lomwe lamatirira pa fani, poti purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikatentha kwambiri imachepetsa yokha liwiro. Yatsopano yotchipayo mwina mukaipeza ili ndi purosesa ya Celeron yofooka kuposa Core i5 yomwe muli nayo kale.

Koma pali malire. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ngati kompyuta yanu ilibe, ikanimo Linux Mint m'malo mwa Windows, apo ayi pamenepo ndiye mugule ina.